Mafunso ndi mayankho: kulondoloza mfuti ndi zipolopolo zozembetsedwa m'malire

Apolisi akalanda mfuti kwa achifwamba, ambirife timaona ngati nkhani yathera pomwepo. Amaiyala patebulo, atolankhani n'kuijambula, basi. Koma pali anthu ena amene ntchito yawo imayambira patebulo lomwelo. Iwo amafuna kudziwa kuti chitsulochi chinapangidwa kuti, anachigula ndani, ndipo chinapatukira pati panjira yovomerezeka. Nawa mafunso amene anthu amafunsa kawirikawiri pa ntchito imeneyi.

Kodi zida zing'onozing'ono ndi ziti, ndipo zilipo zingati?

Bungwe la United Nations limazigawa pawiri. Gulu loyamba ndi zida zimene munthu mmodzi amanyamula n'kuombera yekha, monga pisitolo ndi mfuti za mtundu wa AK. Gulu lachiwiri ndi zimene zimafuna anthu awiri kapena atatu, monga mfuti zikuluzikulu zolavula zipolopolo motsatizana ndi mizinga yonyamulika. Mu 2018, bungwe la Small Arms Survey la ku Geneva linayerekeza kuti padziko lonse pali mfuti zoposa 1 biliyoni. Mwa zimenezi, 857 miliyoni zili ndi anthu wamba, 133 miliyoni zili ndi asilikali, ndipo 23 miliyoni zili ndi apolisi.

Kulondoloza mfuti n'kutani kwenikweni?

Chinthu chimene anthu ambiri sachiganizira n'chakuti pafupifupi mfuti iliyonse imene ili ndi zigawenga lero inayamba ili yovomerezeka. Inatuluka m'fakitale yodziwika, ili ndi nambala, ndipo wina anasaina pepala poilandira. Kulondoloza ndiye kutsata mapazi a mfutiyo kuchokera kufakitale mpaka kwa munthu kapena bungwe lomaliza limene linali nayo mwalamulo. Pamalo pamene mapepala athera, m'pamene mfutiyo inazembera.

Ntchitoyi imayenda chonchi. Choyamba, wofufuza amazindikira bwino mtundu wa mfutiyo, dziko limene inapangidwa ndi nambala yake. Kenako boma limene laigwira limalembera dziko limene inapangidwa, kufunsa kuti inagulitsidwa kwa ndani. Yankho likabwera, limalemberanso wogulayo, kenako wotsatira wake. Mulibe zothamangitsana m'misewu. Ndi ntchito ya makalata, makaundula ndi kudikira miyezi, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha.

Wofufuza akagwira mfuti m'manja amayang'ana chiyani?

Tiyerekeze kuti ndi mfuti ya mtundu wa Kalashnikov, yakale, thabwa lake lakumbuyo lili ndi ming'alu ndipo wina analikulunga ndi mphira. Wofufuza amayamba waonetsetsa kuti mulibe chipolopolo. Akatero amaigoneka, n'kupukuta fumbi kumanzere kwake, cha pamene mpope umalumikizana ndi thupi la mfuti. Pamenepo pali kachidindo kakang'ono, chaka ndi nambala. Akaona muvi uli m'kati mwa chizindikiro cha makona atatu, adziwa kuti ndi ya ku Izhevsk ku Russia. Akaona nyenyezi, ndi ya ku Tula. Nambala 10 yozunguliridwa kawiri ndi ya ku Kazanlak ku Bulgaria, 11 ndi ya ku Radom ku Poland, pamene 66 ili m'makona atatu ndi ya ku China. Amayang'ananso zilembo zimene zili pakachitsulo kosinthira kaomberedwe, chifukwa dziko lililonse linkalemba pamenepo m'zilembo zake.

Apa m'pamene zambiri zimaonongekera. Wapolisi akalemba mu lipoti kuti "AK-47 imodzi" n'kuika nambala yokha, ntchito yafa isanayambe. Mfuti imene Mikhail Kalashnikov anakonza, imene asilikali a Soviet Union anayamba kugwiritsa ntchito mu 1949, yapangidwa m'mayiko ambiri, ndipo mafakitale awiri osiyana akhoza kudinda nambala yofanana. Pempho likapita kudziko lolakwika, yankho limabwera lakuti mfuti imeneyo sakuidziwa, ndipo amakhala akunena zoona. N'chifukwa chake ofufuza odziwa ntchito amajambula mfuti yonse mbali zonse ziwiri, kenako chidindo chilichonse pachokha, pafupi, m'malo owala.

Nanga nambala ikafufutidwa?

Kawirikawiri imabwerera. Makina akamadinda nambala, amapanikiza chitsulo mpaka m'kati, kupitirira pamene maso amaona. Munthu akapala pamwamba, chipsera chija chimatsala pansi. Akatswiri a kulabotale amasalaza malowo n'kupakapo mankhwala a asidi, ndipo mbali imene inapanikizidwa imadyeka mosiyana ndi inzake, nambala n'kuonekera kwa kanthawi kokwanira kuijambula. Ena amagwiritsa ntchito maginito.

Ngakhale nambala italephera kubwerera, kufufutako kumanena kanthu. Ofufuza akapeza mfuti zambiri m'malo osiyana zitafufutidwa mofanana, mwaukhondo, ndi makina amodzimodzi, amadziwa kuti sanachite zimenezi ndi wakuba mmodzi ayi. Ndi wina wokhala ndi zipangizo, amene anali ndi chifukwa chobisira kumene zachokera.

Kodi chipolopolo nachonso chingalondolozedwe?

Funso limeneli ndi limene ineyo ndimaliona lofunika kuposa onse. Akuluakulu amati tsabola wakale sawawa, koma mawuwa sagwira ntchito pa mfuti. Mfuti yopangidwa mu 1970, ngati ikupakidwa mafuta, ipha lero monga inkaphera kale. Choncho mfuti yakale singakuuzeni zambiri za amene akuthandiza zigawenga panopa, chifukwa yadutsa m'manja ambiri. Chipolopolo n'chosiyana. Chimaomberedwa kamodzi n'kutha, ndipo gulu lililonse lomenya nkhondo limafuna zatsopano mwezi ndi mwezi. Mukapeza chipolopolo chopangidwa chaka chatha chili m'dziko limene linaletsedwa kugula zida zaka zisanu zapitazo, mwapeza umboni wakuti wina akuphwanya chiletsocho masiku ano.

Tengani khoko la chipolopolo, muliyang'ane kumatako kwake. Muona manambala kapena zilembo zozungulira. Pa zipolopolo za ku Russia, pamwamba pamakhala nambala ya fakitale, pansi chaka. 539 ndi Tula, 3 ndi Ulyanovsk, 17 ndi Barnaul, 188 ndi Novosibirsk. Zilembo LC ndi za fakitale ya Lake City ku America, PPU ndi za Prvi Partizan ku Užice, ku Serbia. Vuto n'lakuti chidindo chimenechi chimangotchula fakitale ndi chaka, pomwe fakitale imodzi imapanga zipolopolo mamiliyoni pachaka n'kugulitsa kwa ogula ambiri. Nambala ya gulu limene zinapangidwira pamodzi imakhala pabokosi kapena pachitini, osati pachipolopolo. N'chifukwa chake ofufuza amasangalala kwambiri akapeza bokosi lathabwa lotayidwa kuposa akapeza mulu wa zipolopolo. Ozembetsa nawonso amadziwa zimenezi, ndipo ena amakhuthulira zipolopolo m'matumba n'kutaya mabokosi.

Dziko la Brazil linayesa njira ina. Kumeneko zipolopolo zogulitsidwa kwa apolisi ndi asilikali zimalembedwa nambala ya gulu pakhoko penipeni. Pa 14 March 2018, khansala Marielle Franco anaomberedwa m'galimoto ku Rio de Janeiro pamodzi ndi dalaivala wake, Anderson Gomes. Makoko amene anatoleredwa pamsewu anali a gulu la UZZ-18, limene linagulitsidwa kwa apolisi a boma lalikulu mu 2006. Zipolopolo za gulu lomweli zinali zitapezekanso pa kuphedwa kwa anthu ambiri ku Osasco mu 2015. Gululi linali lalikulu kwambiri, zipolopolo pafupifupi 2 miliyoni, moti silinaloze munthu mmodzi. Komabe linaonetsa poyera kuti zipolopolo za boma zikutuluka m'nkhokwe. Khoswe wapadenga anaulula wapadzala. Mu 2024 khoti linapeza olakwa amuna awiri amene kale anali apolisi.

Mfuti yovomerezeka imapezeka bwanji m'manja olakwika?

Njira yoopsa kwambiri ndi pamene boma lagwa, nkhokwe za zida n'kutsala zopanda mlonda. Ku Albania mu 1997, anthu anathyola nkhokwe za asilikali n'kutenga mfuti zoposa theka la miliyoni, ndipo zambiri zinaolokera ku Kosovo. Ku Libya mu 2011, Muammar Gaddafi atagwa, zida zinayenda m'chipululu kupita ku Mali, Niger ndi Chad, ndipo chaka chotsatira kumpoto kwa Mali kunabuka nkhondo.

Njira ina ndi yachinunu, ya ziphuphu. Ku South Africa, mkulu wina wa apolisi, Christiaan Prinsloo, anali m'gulu loyang'anira mfuti zimene zinayenera kuphwanyidwa. M'malo mwake anagulitsa zoposa 2,000, ndipo zambiri zinakathera kwa magulu a zigandanga a ku Cape Flats. Apolisi anzake analondoloza mfutizo n'kuzipeza zikukhudzana ndi imfa za anthu oposa 1,000. Mu 2016 anapatsidwa zaka 18 kundende. Nkhaniyi imandipweteka mtima chifukwa zina mwa mfutizo zinali zimene anthu anazipereka okha kupolisi pofuna kuti zichoke pakati pa anthu.

Palinso chikalata chimene boma logula limasaina, kulonjeza kuti zidazo ndi zake ndipo silidzazipereka kwa wina popanda chilolezo. Chikalatachi chikakhala chabodza, kapena mkulu wina akachisaina atalandira kenakake, ndege yonse ya zida imanyamuka mwalamulo. Mu March 1999, matani 68 a zida anachoka ku Ukraine kupita ku Ouagadougou ndi chikalata cha Burkina Faso. Akatswiri a United Nations anapeza kuti zidazo sizinakhalitse kumeneko. Zinapitirira ku Liberia, dziko limene linali loletsedwa kugula zida, pa ndege ya dobadoba wina dzina lake Leonid Minin, ndipo panthawiyo Liberia inkathandiza zigawenga za RUF ku Sierra Leone.

Nthawi zina boma limapatsa zida gulu limene likulikonda, gululo n'kuzitaya pankhondo kapena kuzigulitsa. Mu 2017 bungwe la Conflict Armament Research linatulutsa zotsatira za zaka zitatu zofufuza zida zoposa 40,000 za gulu la Islamic State ku Iraq ndi ku Syria. Mwa zina, linapeza mzinga wophulitsira akasinja wopangidwa ku Bulgaria, umene unagulitsidwa kwa America, n'kupezeka ndi Islamic State pasanathe miyezi iwiri.

Zimaoloka bwanji malire?

Zina zimayenda m'makontena. Mu October 2010, padoko la Apapa ku Lagos, akuluakulu a ku Nigeria anatsegula makontena 13 olembedwa kuti muli zipangizo zomangira nyumba. Munali mizinga, mabomba ndi zipolopolo zochokera ku Iran. Zina zimayenda m'mabwato athabwa panyanja yapakati pa Iran, Yemen ndi Somalia. Pa zina mwa mfuti zimene zinalandidwa kumeneko, manambala anali otsatizana, ndipo chimenecho ndi chizindikiro chakuti zinatuluka m'nkhokwe imodzi zili zatsopano, osati zotoledwa m'misika.

Koma zochuluka zimayenda ngati nyerere, ziwiri lero, zitatu mawa, m'galimoto, panjinga yamoto, m'katundu wamba. Umu ndi mmene zimalowera ku Mexico. Munthu wopanda mbiri yaupandu amagula mfuti mwalamulo m'sitolo ku Texas kapena ku Arizona, pogulira wina amene wamutuma. Lipoti la boma la America la mu 2021 linati mwa mfuti zimene Mexico inagwira kuyambira 2014 mpaka 2018 n'kupempha kuti zilondolozedwe, 70 pa 100 zilizonse zinachokera ku America. Kumbukirani kuti chiwerengerochi chikunena za zokhazo zimene zinatumizidwa kuti zilondolozedwe, osati mfuti zonse za m'dzikolo.

Ndani amagwira ntchitoyi?

Apolisi a mayiko amafunsana kudzera ku Interpol, imene ili ndi kaundula wa iARMS wa mfuti zobedwa, zotayika ndi zozembetsedwa. Ku America zonse zimapita ku ofesi ya ATF, nthambi ya boma yoona za mfuti, ku Martinsburg, West Virginia. Lamulo la mu 1986 limaletsa boma kukhala ndi kaundula wa eni mfuti, choncho ogwira ntchito kumeneko amaimbira foni fakitale, kenako wogulitsa wamkulu, kenako sitolo, kapena kusanthula mapepala a masitolo amene anatsekedwa. M'madera ankhondo mumapita akatswiri otumidwa ndi Security Council ya United Nations kukaona ngati ziletso zikutsatidwa, komanso ofufuza a Conflict Armament Research, bungwe limene linayamba mu 2011. Kum'mawa ndi pakati pa Africa kuli bungwe la RECSA, la ku Nairobi, limene lathandiza mayiko kupeza makina odindira manambala pamfuti za boma.

Pali malamulo otani?

Mu 2001 mayiko anagwirizana ndondomeko ya United Nations yolimbana ndi malonda osaloledwa a zida zing'onozing'ono, komanso pangano la mfuti limene linayamba kugwira ntchito mu 2005. Mu 2005 momwemo anavomereza International Tracing Instrument. Chikalata chimenechi chimati mfuti iliyonse idindidwe dzina la wopanga, dziko ndi nambala, ndipo makaundula a kufakitale asungidwe zaka zosachepera 30, ena onse zaka 20. Koma sichimanga dziko ngati lamulo, ndipo zipolopolo zinasiyidwa kunja. Panadutsa zaka 18 kuti mu 2023 mayiko agwirizane ndondomeko yapadera ya kasamalidwe ka zipolopolo.

Pangano la malonda a zida, Arms Trade Treaty, linavomerezedwa mu 2013 n'kuyamba kugwira ntchito pa 24 December 2014. Limafuna kuti dziko logulitsa liyambe launika ngati zidazo zingapatuke kapena kugwiritsidwa ntchito pozunza anthu. China inalowa mu 2020, America inasaina koma sinalivomereze, ndipo Russia sinalowe. Zigawo za Africa zilinso ndi mapangano awo: la SADC la mu 2001, la Nairobi la mu 2004, la ECOWAS la mu 2006 ndi la Kinshasa la mu 2010.

Mfuti ikapezeka ndi zigawenga, ndiye kuti dziko lopanga lili ndi mlandu?

Osati nthawi zonse, ndipo apa tiyenera kusamala pakamwa. Mfuti ya ku China yopangidwa mu 1980 ikapezeka ku Congo lero, sizikutanthauza kuti China ndi imene yaipereka. Ikhoza kukhala kuti inagulitsidwa mwalamulo kudziko lina zaka 40 zapitazo. Chidindo chimanena kumene mfuti inabadwira, osati amene anaipereka komaliza.

Koma pamene wogulitsa ankadziwa, mlandu ulipo. Mu 2019 khoti la ku Stuttgart linalamula kampani ya Heckler & Koch kulipira mayuro 3.7 miliyoni chifukwa mfuti zake za G36 zinafika m'zigawo za Mexico zimene boma la Germany silinaloleze, kuphatikizapo Guerrero. Switzerland itapeza mu 2012 kuti mabomba amanja amene inagulitsa ku United Arab Emirates ali ku Syria, inayamba kutumiza anthu ake kukaona ngati zida zimene inagulitsa zidakali kwa wogula. Germany inasankha kuchitanso chimodzimodzi mu 2015. Mexico inayesa kusumira makampani opanga mfuti a ku America mu 2021, koma mu June 2025 khoti lalikulu la ku America linakana mlanduwo.

Nanga mfuti zosula pamanja ndi zopangidwa ndi makina a 3D?

Zimenezi zilibe kaundula, choncho njira ya makalata sigwira. Amisiri osula mfuti alipo ku Darra Adam Khel ku Pakistan, ku Danao ku Philippines ndi m'madera ena a ku Ghana ndi Nigeria, ndipo ena amakopera ngakhale zidindo za mafakitale. Mfuti yoyamba yotchuka ya makina a 3D inatuluka mu 2013, ndipo mtundu wa FGC-9 waonekapo pankhondo ya ku Myanmar. Palinso mfuti zongoopsezera zimene anthu amazisintha kuti ziziombera zenizeni. Zina mwa mfuti zimene chigawenga china, Amedy Coulibaly, chinagwiritsa ntchito popha anthu ku Paris mu January 2015 zinali za mtundu umenewu, zochokera ku Slovakia. Komabe mfuti zambiri zoterezi zimafuna chipolopolo cha kufakitale, ndipo n'chifukwa china chimene ndimaumirira pa nkhani ya zipolopolo.

N'chifukwa chiyani kulondoloza kumalephera kawirikawiri?

Makamaka chifukwa cha makaundula. Fakitale inatsekedwa, dziko linagawikana, mabuku anapsa pankhondo kapena anadyedwa ndi chiswe. Mayiko ena sayankha makalata, makamaka yankho likakhala lowachititsa manyazi. Ndipo mayiko ambiri ogula sadinda chizindikiro chawo pamfuti ikafika, komanso salemba kuti nambala yakutiyakuti yapatsidwa kwa msilikali uti. Zikatero mapazi amathera pachipata cha nkhokwe ya boma.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kuphwanya mfuti musanazilembe. Kutentha mulu wa mfuti pamaso pa anthu ndi chinthu chabwino, ndipo ntchito ngati Operation Rachel, imene apolisi a Mozambique ndi South Africa anayamba mu 1995 yofukula zida zokwiriridwa pambuyo pa nkhondo, inapulumutsa miyoyo. Koma mfuti ikasungunulidwa isanajambulidwe, umboni wonse wa njira imene inadzera umasungunuka nayo limodzi, ndipo wozembetsa uja amapitiriza malonda ake. Kamera, buku ndi munthu wophunzitsidwa kuwerenga zidindo n'zotsika mtengo poyerekeza ndi mtengo wa zidazo.

Munthu wamba akapeza mfuti, zipolopolo kapena makoko achite chiyani?

Musazigwire, musazipukute, ndipo musalole ana kuzitola. Mfuti yadzimbiri ikhoza kukhala ndi chipolopolo m'kati, ndipo bomba lakale likhoza kuphulika likangosunthidwa. Chokanipo, dziwitsani apolisi, ndipo auzeni ngati pafupi pali bokosi, chitini kapena pepala lililonse, chifukwa nambala imene ofufuza amaifuna kwambiri imakhala pamenepo. Khoko lopanda kanthu nalonso ndi umboni. Mfuti iliyonse imasiya tizipsera take pakhoko ikaombera, ndipo labotale ikhoza kuyerekeza tizipserato ndi ta makoko otoledwa kwina, ngakhale kudziko lina kudzera ku Interpol.

Ngati muli ndi mfuti yopanda chilolezo ndipo mukufuna kuipereka, funsani kaye kupolisi kapena kwa loya za nthawi ya chikhululuko m'dziko lanu. African Union inapatula mwezi wa September chaka chilichonse kuti anthu azipereka zida popanda kuimbidwa mlandu, koma dziko lililonse limakhazikitsa lokha mmene zimenezi zichitikire. Mukaipereka, pemphani kuti nambala yake ilembedwe inu mukuona, ndipo akupatseni pepala losonyeza kuti ailandira.